Kudzutsa Makompyuta Ogona m'Masukulu a m'Mapulazi ku Mashonaland

Munthu akamayenda m'madera a Mvurwi, Banket, Trelawney kapena Chegutu m'dziko la Zimbabwe sachedwa kumva Chichewa. Chimamveka m'makomboni a m'mapulazi, pachitsime, pamaliro ndi pabwalo la Gule Wamkulu. Olankhulawo ndi ana ndi zidzukulu za matchona, anthu amene anachoka ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia kudzagwira ntchito m'minda ikuluikulu ya fodya ndi chimanga. Ena mwa makolowo anabwera pa malole a boma la Southern Rhodesia omwe, kuyambira m'zaka za m'ma 1930, ankanyamula ofuna ntchito osawalipiritsa, ndipo anthu anawatcha kuti Ulere. Ena analembedwa ndi bungwe la Mthandizi lomwe linakhazikitsidwa mu 1946. Ulendo unali waulere ndithu, koma kofikirako kunali malipiro ochepa ndi malamulo a mwini pulazi.

N'chifukwa chake anthu a m'maderawa ali ndi chifukwa chomveka chokayikira chinthu chilichonse chobwera ndi dzina loti chaulere. Komabe pali mtundu wina wa mapulogalamu a kompyuta, a m'banja la Unix, umene umaperekedwa popanda malipiro ndipo ungathandize masukulu a ana awo. Phindu lake lenileni lagona pa ufulu umene woulandira amakhala nawo: kuuika yekha, kuukonza yekha ndi kuusintha monga afunira.

Masukulu a m'nyumba zoumitsiramo fodya

Chaka cha 2000 chisanafike, mapulazi akuluakulu a ku Zimbabwe ankalemba ntchito anthu oposa 300,000. Boma litayamba kulanda minda ya azungu ndi kuigawa mwachangu m'chakacho, antchito ambiri ntchito inawathera. Amene makolo awo anachokera kunja analibe mudzi wobwererako, ndipo lamulo la unzika la mu 2001 linasandutsa ambiri alendo m'dziko lomwe anabadwiramo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndiwo anatsegulanso njira yoti akhale nzika, komanso anaika Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma.

Pofuna kuti ana a m'mapulazi ogawidwawo apeze pophunzirira, panatsegulidwa masukulu ang'onoang'ono oyang'aniridwa ndi masukulu akale apafupi. Ambiri anayambira m'nyumba zomwe azungu anasiya, m'mashedi ndi m'nyumba zoumitsiramo fodya. Ndondomeko ya maphunziro imene inayamba kugwira ntchito mu 2017 inaika luso la kompyuta pakati pa zimene mwana aliyense ayenera kuphunzira kuyambira ali wamng'ono, wa ku Harare ndi wa papulazi chimodzimodzi.

Mphatso za makompyuta si zachilendo m'dzikolo. M'zaka za 2004 ndi 2005, yemwe anali mtsogoleri wa dzikolo, Robert Mugabe, anayendera masukulu ambiri akugawa makompyuta, ndipo nyuzipepala zinalemba kuti ena mwa masukuluwo analibe ngakhale magetsi. Mabungwe omwe si aboma nawonso akhala akubweretsa makompyuta ogwirapo kale ntchito ochokera ku Ulaya. Vuto limadza pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri: makina akasiya kuyaka, wopereka uja ali kutali, wokonza ali m'tauni ndipo afuna ndalama, choncho kompyuta imakutidwa ndi nsalu n'kuikidwa pakona.

Nthawi zambiri chitsulocho chimakhala chikadali chabwino, koma chimene chafa ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawo, yomwe pa Chingerezi amati operating system. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows XP mu 2014, ndipo pa 14 October 2025 inasiya kupereka chisamaliro cha nthawi zonse cha Windows 10. Makompyuta akale ambiri sakwanitsa zofunika kuti alandire Windows 11. Sukulu yosauka imatsala ndi njira ziwiri zoipa: kugwiritsa ntchito pulogalamu yosatetezeka, kapena kuika yokopera mwachinyengo.

Banja la Unix

Njira yachitatu inayambira kutali. Mu 1969, Ken Thompson ndi Dennis Ritchie a ku Bell Labs ku America anayamba kulemba pulogalamu yoyendetsa kompyuta yotchedwa Unix. Akatswiri a pa yunivesite ya California ku Berkeley anaikuza n'kutulutsa mtundu wawo wotchedwa BSD, umene unabala FreeBSD ndi NetBSD mu 1993. Mu 1995, Theo de Raadt, yemwe anabadwira ku Pretoria, anayambitsa OpenBSD. Kumbali ina, Richard Stallman anayamba ntchito ya GNU mu 1983, ndipo mu 1991 wophunzira wa ku Finland, Linus Torvalds, analemba Linux. Linux sinatenge malemba a Unix, koma inalembedwa mwatsopano potsata kachitidwe kake.

Chimene chimagwirizanitsa FreeBSD, NetBSD, OpenBSD, GNU ndi Linux ndi mtundu wa layisensi yake. Malemba amene anapangira pulogalamuyo ali poyera. Aliyense ali ndi chilolezo chowawerenga, kuwasintha, kuwakopera ndi kugawira ena. Mphunzitsi wa ku Raffingora akaika pulogalamu imodzi pa makompyuta khumi sanaphwanye lamulo lililonse, ndipo palibe kampani yomwe idzabwere kudzamufunsa lisiti.

Anthu ambiri a m'mapulazi amagwiritsa kale ntchito mapulogalamuwa osadziwa, chifukwa foni iliyonse ya Android imayendera Linux. Mu October 2004, Mark Shuttleworth wa ku South Africa anatulutsa mtundu wa Linux wosavuta kuika ndipo anautcha Ubuntu, mawu ofanana ndi akuti umunthu. Mpaka mu 2011, kampani yake inkatumiza ma CD a Ubuntu papositi kwa aliyense wopempha, popanda kulipira.

Kuika pulogalamu

Ntchito imayambira kumene kuli intaneti yodalirika, monga ku Bindura, ku Chinhoyi kapena ku Marondera, matauni amene alinso ndi mayunivesite a boma. Kumeneko munthu amakopera fayilo imodzi yaikulu ya pulogalamuyo n'kuilemba pa fulashi. Fulashi imodziyo ikwanira masukulu onse a m'dera, chifukwa pobwerezanso sipafunika intaneti.

Asanaike, woikayo ayenera kusunga kwina mafayilo onse ofunika, monga mayina a ophunzira ndi zotsatira za mayeso, popeza kuika pulogalamu yatsopano kumatha kufufuta zonse za mu hard disk. Mitundu yambiri ya Linux imalola kuyendetsa kompyuta kuchokera pa fulashi pomwepo osakhudza zam'kati. Apa m'pamene woikayo amaona ngati sikirini, kiyibodi, mawu ndi pulinta zikugwira ntchito, asanapange chosankha chosabwezeka.

Msinkhu wa makina ndiwo umalamula chosankha. Kompyuta yochepa mphamvu imayenda bwino ndi maonekedwe opepuka monga Xfce. Makina akale kwambiri, a 32-bit, akusiyidwa pang'onopang'ono: Debian 13, yomwe inatuluka mu 2025, ilibenso njira yoikira pa makina otere, pamene NetBSD imadziwika ndi kusunga makina akale. Pa ntchito za m'kalasi, LibreOffice imalemba makalata ndi kuwerengera masamu, ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Pulogalamu ya Kiwix imasunga Wikipedia m'kompyuta kuti ana awerenge popanda intaneti.

Unix inapangidwa kuti anthu ambiri azigwiritsa ntchito makina amodzi. Wophunzira amapatsidwa dzina lake lolowera ndi malo akeake, ndipo sangafufute zinthu zoyendetsa makina. Mphamvu zonse zili ndi woyang'anira, wotchedwa root. Mawu achinsinsi a woyang'anirayu ayenera kudziwika kwa anthu osachepera awiri pasukulupo, kuti mphunzitsi mmodzi akasamutsidwa asapite ndi kiyi wa chipinda chonse m'mutu mwake.

Makina akadwala

Matenda a kompyuta ya papulazi ndi odziwika. Loyamba ndi fumbi la m'chilimwe, lomwe limatseka fani, makina n'kumatentha ndi kuzima okha. Lachiwiri ndi kabatire kakang'ono kozungulira ka m'kati, kamene kamasunga tsiku ndi nthawi. Kakatha, kompyuta imasokoneza tsiku ndipo imakana kutsegula masamba otetezedwa a pa intaneti, ngakhale kuti kabatireko n'kotsika mtengo. Lachitatu ndi tizipangizo ta memory tomwe timakhwefuka. Kutizula, kutipukuta ndi kutibwezera kumadzutsa makina ambiri amene anthu anawataya mtima.

Mdani wamkulu ndi magetsi. Mu 2019, madzi atachepa ku Kariba, madera ambiri a Zimbabwe ankakhala maola okwana 18 patsiku opanda magetsi. Magetsi akazima kompyuta ili pakati polemba, mafayilo amatha kuwonongeka. Mapulogalamu a Unix ali ndi chida chotchedwa fsck chimene chimafufuza ndi kukonza zoterezi. Komabe mankhwala enieni ndi batire ndi sola, ndi makina odya magetsi pang'ono monga Raspberry Pi, kakompyuta kokwana m'dzanja kamene kanayamba kugulitsidwa mu 2012.

Ubwino wina ndi wakuti makinawa amanena chimene chikuwavuta. Lamulo la dmesg limaonetsa zimene kompyuta yapeza poyaka ndi zimene zakanika, ndipo lamulo la man limatsegula buku la malangizo lomwe lili m'makina momwemo. Mavairasi a Windows oyenda pa mafulashi sagwira ntchito pa Linux kapena BSD. Wokonza wanzeru amasintha chinthu chimodzi panthawi imodzi, ndipo amalemba m'kope vuto, tsiku ndi chimene chinathandiza. Kopelo ndi chuma cha sukulu.

Zimene anansi anaphunzira

Kuti njirayi n'njotheka zinaoneka ku Malawi. Mu 2001, Gerry Douglas ndi anzake a bungwe la Baobab anayamba kuika timakompyuta tongodina pa sikirini pachipatala chachikulu cha Lilongwe, chomwe masiku ano ndi Kamuzu Central. Anagula motchipa makina otchedwa I-Opener, amene kampani yake inali itasiya kuwapanga, n'kuwasintha kuti agwire ntchito ya kuchipatala. Anawalumikiza ku mabatire kuti magetsi akazima ntchito isaime. Mu 2006 pulogalamu yawo yosunga mbiri ya olandira ma ARV inayamba kugwira ntchito pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Ntchitoyo itakula inakhazikika pa Linux, MySQL ndi Ruby on Rails, ndipo olemba ndi okonza ambiri anali achinyamata a ku Malawi komweko.

Ku Harare, bungwe la Kubatana linapanga Freedom Fone, pulogalamu yoyendera Linux yomwe inkathandiza munthu wokhala ndi foni wamba kuimba, kumvera uthenga wojambulidwa ndi kusiya wake. Inapambana mphotho ya Knight News Challenge mu 2008, ndipo nyumba zoulutsira mawu za ku Tanzania ndi ku Ghana zinaiyesa pofalitsa uthenga wa ulimi. Kwa munthu wa pakomboni wosadziwa kuwerenga, chida cholankhula chotere n'chaphindu kuposa tsamba la pa intaneti.

Palinso chenjezo. Bungwe la SchoolNet Namibia, lomwe linayamba mu 2000, linaika makompyuta a Linux m'masukulu mazana angapo ndi kuphunzitsa achinyamata kukonza makina, koma linatsekedwa mu 2009 litasiyana maganizo ndi unduna wa maphunziro. Luso lokha silikwanira ngati akuluakulu a maphunziro sakuliona ngati lawo.

Kukuza pulogalamu m'Chichewa

Kutukula pulogalamu yotere si ntchito ya odziwa kulemba makompyuta okha. Amene wapeza cholakwika n'kuchifotokoza bwino kwa olemba wathandiza. Womasulira wathandizanso. Ku South Africa, bungwe la Translate.org.za, lomwe Dwayne Bailey anayambitsa mu 2001, linamasulira OpenOffice m'zilankhulo 11 za dzikolo popanda kudikira kuti kampani ina ione phindu. Chichewa chimalankhulidwa ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe, choncho mawu amene mphunzitsi wa ku Mazowe wamasulira angathandize mwana wa ku Dedza, wa ku Katete ndi wa ku Angónia. Paja mutu umodzi susenza denga.

Zovuta zilipo ndithu. Maofesi ambiri amafuna wodziwa Windows, mapulinta ena savomera, ndipo aphunzitsi ambiri sanaphunzirepo china. Koma mwana amene wadziwa kusunga fayilo, kulemba kalata ndi kufufuza chifukwa chimene makina akanira sadzavutika kusamukira pa pulogalamu ina.

Choncho komiti ya sukulu ikamalandira mphatso ya makompyuta iyenera kufunsa mafunso atatu: magetsi achokera kuti, layisensi ya pulogalamu ikulola chiyani, ndipo ndani wa m'dera momwemo amene aphunzitsidwe kuika ndi kukonza. Mabungwe othandiza angachite bwino kupatula gawo la ndalama zawo kuti aphunzitse aphunzitsi awiri ndi achinyamata angapo a pakomboni, atsikana ndi anyamata omwe, m'malo mongowonjezera chiwerengero cha makina. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Kompyuta imene sukulu ingaiwerengere kuti n'njake ndi imene ili ndi munthu pafupi wodziwa kuidzutsa ikagona.