Musanagulitse mbuzi, yambani mwafunsa za sukuluyo



Ndiloleni ndiyankhulepo pa tsamba lathu lino za nkhani imene ikudya chuma cha mabanja mwakachetechete. Nkhaniyi ndi ya sukulu za ukachenjede zimene zikuitanira anthu pa lamya za m'manja ndi pa intaneti kuti aphunzire ali kwawo, chonsecho palibe bungwe lodziwika limene lidaziunika ndi kuzivomereza. Amene amasakidwa ndi sukulu zotere ndi aphunzitsi, alembi, abusa ndi akulu a mpingo, anthu a ludzu la maphunziro amene sangathe kusiya ntchito, munda ndi ana kukakhala m'kalasi ku Zomba kapena ku Mzuzu.

Ndiyambe ndi kunena kuti kuphunzira munthu uli kutali ndi sukulu si chinthu chachilendo kapena chonyozeka ayi. University of London idayamba kulola anthu kulemba mayeso ake asadapondeko ku London m'chaka cha 1858. University of South Africa, imene timaidziwa kuti UNISA, idayamba kuphunzitsa anthu kudzera m'makalata mu 1946, ndipo Nelson Mandela adalandira digiri yake ya zamalamulo kumeneko mu 1989 akadali m'ndende. Ku Britain adakhazikitsa Open University mu 1969. Kwathu kuno Malawi Correspondence College idayamba mu 1965, ndipo pambuyo pake idasintha dzina kukhala Malawi College of Distance Education, MCDE. Lero Mzuzu University ndi Domasi College of Education amaphunzitsa aphunzitsi ali pa ntchito, ndipo a mipingo akudziwa bwino za TEEM ya ku Zomba imene imaphunzitsa za umulungu munthu ali kwawo.

Ineyo ndine mwana wa maphunziro a pa kalata. Ndidayamba ntchito ndi satifiketi ya T3, ndipo MSCE ndidaipeza powerenga mabuku a MCDE usiku pa nyali ya galasi, nditamaliza kuchonga makope a ana. Ntchito imene ndinkatumiza pa positi inkabwerako itadzaza ndi inki yofiira, kusonyeza kuti kwinakwake kudali munthu amene adaiwerengadi. Mayeso ndidakalembera m'chipinda chimodzi ndi ana a sekondale, woyang'anira mayeso ali chilili, ndipo amene adachonga sadandidziwe nkhope. Tsono pamene ndikuchenjeza anthu lero, wina asaganize kuti ndi nkhalamba yodana ndi zinthu zatsopano. Ndikudandaula chifukwa njira imene idatukula ife ena aisandutsa msampha.

Kodi chimene chidachititsa kuti satifiketi yanga ija ilemekezeke n'chiyani? N'chakuti padali mboni yapadera. Pa zaka zonse zimene ndidakhala mphunzitsi wamkulu, sindidalembepo ndekha lipoti lonena kuti sukulu yanga ikuyenda bwino. Ankabwera oyendera sukulu, kukhala kumbuyo kwa kalasi, kuona mabuku a aphunzitsi ndi kuwerenga ana. Mayeso a Sitandade 8 ankachokera kwina ndipo ankakachongedwa kwina. Ngakhale pa ukwati, mnyamata sadziimira yekha unkhoswe, chifukwa aliyense podziyamikira amanena zabwino zokhazokha. Kuvomerezedwa kwa sukulu ya ukachenjede ndi unkhoswe womwewo. Bungwe losadya nawo ndalama za sukuluyo limabwera kudzaona ngati aphunzitsi alipodi ndipo adaphunzira mokwanira, ngati mabuku alipo, ngati mayeso amayendetsedwa mwachilungamo, ndipo likakhutira limaika dzina lake ngati chikole.

Kuno kwathu nkhoswe imeneyi ndi National Council for Higher Education, NCHE, imene idakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo la chaka cha 2011 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe. Pali zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amazisokoneza. Choyamba ndi kulembetsa, kumene kumapatsa sukulu chilolezo chotsegula zitseko. Chachiwiri ndi kuvomerezedwa, kumene kumadza ataunika kaphunzitsidwe kake. Komanso chivomerezochi chimaperekedwa pa phunziro lililonse palokha. Sukulu ikhoza kuvomerezedwa pa maphunziro a zamalonda koma osavomerezedwa pa maphunziro a uphunzitsi. Tsono mawu akuti "ndife olembetsedwa ndi Boma" asatitseke pakamwa, poti ngakhale golosale ya pa msika nayonso ili ndi chiphaso. Maiko enanso ali ndi ankhoswe awo. Ku Zambia kuli Higher Education Authority, ku Zimbabwe kuli ZIMCHE, ku South Africa kuli Council on Higher Education ndi SAQA. Ku America mabungwe ovomereza sukulu ndi ambiri, koma odalirika ndi okhawo amene amadziwika ndi unduna wa zamaphunziro wa dzikolo kapena bungwe la CHEA.

Kuti timvetse kukula kwa chinyengochi, ndipereke zitsanzo zitatu zimene zidafika m'makhoti. Mu 2004 akuluakulu a zamalamulo a m'chigawo cha Pennsylvania ku America adafuna kuyesa sukulu ina yotchedwa Trinity Southern University ya ku Texas. Adalembetsa mphaka wotchedwa Colby Nolan ngati wophunzira, nalipira madola 299 kuti apatsidwe digiri yoyamba. Eni sukulu adayankha kuti poona ntchito zimene wophunzirayu adagwirapo, akuyenera digiri yapamwamba ya MBA akawonjezera madola 100. Mphaka adalandiradi digiri yake pamodzi ndi pepala la malikisi a maphunziro amene sadaphunzire.

Chachiwiri ndi Saint Regis University. Iyi inkadzitcha sukulu ya ku Liberia ndipo inkaonetsa zikalata za chivomerezo cha boma la Liberia, koma eni ake adali m'dera la Spokane ku America ndipo zikalatazo adazipeza popereka ziphuphu. Apolisi adaitseka mu 2005 itagulitsa kale madigiri zikwizikwi m'maiko ambiri, ndipo mu 2008 eni ake adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 3.

Chachitatu ndi kampani ya Axact ya mu mzinda wa Karachi ku Pakistan. Mu 2015 nyuzipepala ya New York Times idaulula kuti kampaniyi inkayendetsa masamba a pa intaneti osachepera 370, ambiri mwa iwo a sukulu zopeka za maina okoma ngati Barkley, Columbiana ndi Mount Lincoln. Aphunzitsi ooneka pa zithunzi adali anthu a zisudzo. Mabungwe amene ankati adavomereza sukuluzo adalinso opeka, opangidwa ndi anthu omwewo. Munthu akagula digiri ankamuimbiranso lamya ngati akuluakulu a boma, kumuopseza kuti alipire ndalama zina za chidindo. Mu 2018 wailesi ya BBC idapeza kuti mu 2013 ndi 2014 anthu a ku Britain adagula zikalata za kampaniyi zoposa 3,000, ndipo ena mwa ogulawo adali ogwira ntchito m'zipatala. Taganizani, a Malawi anzanga, kugona pa bedi la chipatala n'kumasamalidwa ndi munthu wa pepala logula.

Pamenepa tikuona kuti chidindo cha golide, chithunzi cha nyumba zosanja ndi mawu akuti "yovomerezedwa pa dziko lonse" si umboni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wakuba wochenjera amabwera ndi nkhoswe yake yomwe, imene adaigula kapena kuiumba yekha.

Zoterezi zafika ndi m'midzi mwathu momwe. Mphunzitsi wina amene ndidagwirapo naye ntchito, munthu wakhama ndi wokonda ana, adaona uthenga pa lamya wa sukulu ina ya kunja yolonjeza digiri ya uphunzitsi. Adagulitsa mbuzi 7 ndi chimanga cha chaka chimenecho, natenganso ngongole ku banki m'khonde. Ankalandira timapepala towerenga, kulemba mayeso pa lamya ali khale kunyumba, ndipo sadalepherepo ngakhale kamodzi. Chaka chisadathe chikalata chidafika, chokongola kuposa changa. Atapita nacho kokafuna kukwezedwa pa ntchito, adamuuza mwaulemu kuti sukuluyo sakuidziwa. Mbuzi zidapita, ngongole idatsala, ndipo chaka chimenecho mwana wake wamkazi adachedwa kupita ku sekondale kaamba kosowa fizi. Munthuyu sadali waulesi kapena wofuna kubera. Chimene chidamusowa ndi womuuza kofunsa.

Tsono kwa amene mukulingalira za maphunziro otere, nawa mafunso amene ndikupempha kuti mufunse ndalama isadatuluke m'thumba.

Loyamba, kodi adaivomereza sukuluyi ndani? Akakuuzani dzina la bungwe, musalekere pomwepo. Fufuzani ngati bungwelo likudziwika ndi boma la dziko limene sukuluyo ili, ndipo dzina la sukulu mukalione pa mndandanda wa bungwelo, osati pa tsamba la sukulu yomweyo. Ngati simudziwa kochitira, lemberani kapena pitani ku NCHE, mutchule dzina la sukulu ndi phunziro lenileni limene mukufuna.

Lachiwiri, kodi sukuluyi ili pati? Sukulu yeniyeni, ngakhale yophunzitsa anthu ali kutali, imakhala ndi malo oti munthu ungapite n'kugogoda. Ngati ikudzitcha ya ku London koma ndalama akuti mutumize ku dziko lina, kapena pa nambala ya lamya ya munthu, dziwani kuti pali kanthu.

Lachitatu, kodi akufuna chiyani kuti akulandireni? Sukulu za ukachenjede za Boma kuno zimafuna MSCE ya makirediti 6, Chingerezi chili pomwepo. Sukulu yolandira aliyense amene ali ndi ndalama, kapena yonena kuti zaka zimene mwagwira ntchito zakwanira kale digiri yonse, ikuchita zimene idachitira mphaka uja.

Lachinayi, kodi maphunziro atenga nthawi yaitali bwanji, ndipo mayeso amayang'anira ndani? Digiri yoyamba kuno imatenga zaka 4 kwa munthu wochokera ku Fomu 4. Amene akukulonjezani miyezi yowerengeka akugulitsa pepala. Funsaninso ngati alipo amene amalephera. Sukulu imene aliyense amakhoza ili ngati sikelo imene imaonetsa kulemera kumodzimodzi kaya mwaikapo thumba la mtedza kaya la mankhusu.

Lachisanu, kodi amene mukufuna kuti adzakulembeni ntchito kapena kukukwezani adzachilandira chikalatachi? Pitani mukawafunse lero. Aphunzitsi afunse ku unduna, a zaumoyo afunse ku mabungwe amene amawapatsa ziphaso, abusa afunse ku likulu la mpingo wawo. Ndipo wina akamakufulumizitsani kuti mtengo wotsika ukutha Lachisanu, m'pamene muyenera kudekha kwambiri.

Kunena mwachilungamo, si sukulu iliyonse yosavomerezedwa imene ili ya akuba. Ina ndi yatsopano, ikudikira kuunikidwa, ndipo eni ake ndi anthu a zolinga zabwino. Ina imaphunzitsa zinthu zothandiza kwa munthu wongofuna kudziwa, wosafuna ntchito. Koma sukulu yoona mtima imanena poyera kuti sidavomerezedwe, siyankhula mozungulira. Ndipo wophunzira adziwe kuti chivomerezo chikapanda kubwera, wotaya zaka ndi ndalama ndi iyeyo, eni sukulu adzakhala atadya kale zawo.

Kwa inu abusa ndi atsogoleri a mipingo, ndiyankhule mwaulemu ngati mwana wanu. Masiku ano maina a udokotala achuluka pa zikwangwani za misonkhano. Ena ndi a thukuta lenileni ndipo timawalemekeza. Koma dziwani kuti m'zigawo zina za ku America lamulo limalola sukulu za chipembedzo kupereka madigiri popanda kuunikidwa monga sukulu zina, tsono chikalata chochokera kumeneko chikhoza kukhala chololedwa kwawoko koma chopanda ntchito kuno. Udokotala waulemu umene munthu amalipira kuti apatsidwe ndi malonda chabe. Mu Africa muno muli bungwe la ACTEA limene limaunika sukulu za umulungu, ndipo masinodi ndi madayosizi athu ali ndi sukulu zimene amazidziwa. Ndalama za chopereka zimachokera kwa amayi ogulitsa zitumbuwa ndi nkhuni, zisathere pa mkanjo ndi chipewa cha tsiku limodzi. Ndiponso inu ndi amene anthu amakufunsani nzeru mwana akafuna sukulu. Mawu anu amodzi pa zolengeza za Lamulungu akhoza kupulumutsa khola la mbuzi la banja lina.

Pomaliza, ndikupempha a NCHE ndi unduna wa zamaphunziro kuti maina a sukulu zovomerezedwa asamangokhala pa intaneti ndi m'nyuzipepala za Chingerezi. Awerengedwe pa wailesi m'Chichewa ndi m'zinenero zina, apachikidwe m'ma TDC ndi ku maofesi a DC, kumene mphunzitsi wa kumudzi amafika pa njinga. Ife a m'midzi mbali yathu ndi kufunsa, kufunsanso, kenaka n'kulipira. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Ntchisi.