Nambala faifi safupidwa

Pa bonanza iliyonse ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Chintheche, chigoli chikangolowa bwalo limadzaza anthu. Ana amathamangira m'kati, amayi akuimba nthungululu, ndipo sipalephera kupezeka bambo amene wagulitsa usipa m'mawa, akukankha anzake kuti akafike kwa womwetsa chigoliyo n'kumutsomeka K2,000 m'sokosi. Oyimbira amangodikira, wenzulo ili pakamwa, mpaka bwalo litayera. Nthawi yonseyi kumbuyo kwaima mnyamata wina yekhayekha, manja m'chiuno, akupumira m'mwamba. Ameneyo ndi nambala faifi. Iye ndi amene analanda mpira umene wabala chigolicho, komanso ndi amene watsekereza adani chiyambire masewero, koma palibe amene akuthamangira kwa iye.

Ine mpira ndimaonera kumbuyoko. Wotchinga kumbuyo wodziwa ntchito yake amaona kumene mpira ugwere usanamenyedwe n'komwe. Amasuntha pang'ono, osathamanga, ndipo wakutsogolo wa timu inayo akadzutsa mutu amapeza njira yatsekeka, n'kubweza mpira m'mbuyo. Kwa oonerera palibe chachitika. Ntchito yake yonse ndi yoti zinthu zisachitike, ndipo chinthu chimene sichinachitike n'chovuta kuchiikira mtengo. Koma aterereke kamodzi kokha pamchenga, dzina lake lidzakhala litafika pa msika wa Chintheche dzuwa lisanalowe.

"Ife timadziwika tsiku lolakwitsa," amatero anyamata akumbuyo. Akutsogolo nawo sasowa choyankha: anthu sabwera kudzaona munthu akuchotsa mpira, amabwera kudzaona ukonde ukugwedezeka. A kochi, amene kawirikawiri amakhala mphunzitsi wa pasukulu yapafupi, amadziwa bwino amene wawinitsa gemu, koma ndalama sizidutsa m'manja mwawo. Zimadutsa kwa mwini timu, mwina wagolosale kapena mwini maboti, amene anagula jezi ndi mpira, ndipo amalipira galimoto ya matola timu ikamapita kutali. Iyeyu funso lake limakhala limodzi: "Ndalama zake ziti?" Mphoto ya bonanza ikabwera, amayamba wachotsa zimene anawononga, zotsalazo n'kugawa. Pogawapo ndi pamene pamaonekera chimene aliyense amayesedwa nacho. Wa ganyu amene anamutenga ku Mzuzu kapena ku Nkhata Bay boma kuti adzamwetse zigoli pa fainolo amalandira zake zimene anagwirizana kale, gemu isanayambe, timu iwine kapena iluze. Mwana wa pamudzi amene wasewera magemu onse amadikira zotsala.

Ku America kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuyankha funso lomweli, tsiku ndi tsiku, ali pa kompyuta. M'masewero awo a baseball muli osewera atatu amene amaima kutali, kumapeto kwa bwalo, kudikira mpira womenyedwa ndi chibonga kuti auwakhe usanagwe pansi, kenako nawonso amalowa kukamenya nthawi yawo ikakwana. Mmodzi wa oterewa, Juan Soto, anasaina mu December 2024 kontilakiti ya zaka 15 ndi timu ya New York Mets, ya madola 765 miliyoni. Pa chaka ndi madola 51 miliyoni. Mkangano wake sunali wosiyana ndi wa pansi pa mtengo wa mango ku Makuzi, kuno ku Chintheche: Soto ndi katswiri pomenya, koma powakha mipira kumbuyoko sali m'gulu la otsogola. Ndiye ndalama zonsezo akulipira theka la ntchito?

Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko amawerenga. Timu iliyonse imasewera magemu 162 pa sizoni, ndipo chiyambire 2015 m'mabwalo onse a ligi yaikulu muli makina otchedwa Statcast amene amayeza kumene wosewera anaima, liwiro limene anathamanga, ndi kuvuta kwa mpira umene anawakha. Mpira umene ena akanauphonya koma iye wauwakha umalembedwa. Zonsezi pamodzi ndi za kumenya amaziphatikiza n'kupeza nambala imodzi yotchedwa WAR, imene imayankha funso ili: munthuyu atachoka lero, m'malo mwake n'kuikamo wosewera wamba amene angapezeke mosavuta pa malipiro otsikitsitsa, timu ingataye magemu angati? Akatswiri a ziwerengero akhala akuyerekeza kuti gemu imodzi yowina motero imagulidwa pa madola pafupifupi 8 miliyoni pamsika wa osewera. Potero Soto ayenera kubweretsa magemu owina oposa asanu ndi limodzi chaka chilichonse kuti malipiro ake akhale oyenera, ndipo ayenera kutero ngakhale miyendo itayamba kulemera, chifukwa kontilakitiyo idzatha iye atakwanitsa zaka makumi anayi. Maganizo oterewa anatchuka ndi buku la Michael Lewis la mu 2003, Moneyball, lofotokoza mmene Billy Beane wa timu yosauka ya Oakland Athletics ankagulira osewera amene matimu olemera sankawaona phindu.

Funso lakuti "atachoka, alowe ndani?" si lachilendo ku Makuzi. Limafunsidwa padoko tsiku lililonse, ndipo nambala faifi uja amalidziwa bwino chifukwa usiku iye ndi mlovi, msodzi wa panyanja. Pa chilimira, ukonde wa usipa ndi utaka, pamakhala gulu la anthu pafupifupi khumi, boti la injini ndi mabwato. Ambiri mwa iwo ntchito yawo ndi kuponya ndi kukoka. Koma pali mmodzi, siginala, amene amakhala m'bwato lake ndi nyali, kale za parafini zopopa zija, masiku ano mababu a batire. Iye ndi amene amadziwa kumene usipa uli, amauunjika pansi pa kuwalako, amaukokera pang'onopang'ono kukamwa kwa ukonde, n'kulamula nthawi yoponya. Akafulumira, nsomba zimabalalika. Akachedwa, chimodzimodzi. M'mawa ntchito yake imayezedwa ndi zigoba, aliyense akuona, amalonda ochokera ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ataima pomwepo ndi ndalama m'manja.

Kagawidwe kake kamasiyana doko ndi doko, koma mwambiri amayamba achotsa za mafuta ndi zina zimene zalowa pa ulendowo, mwini zipangizo n'kutenga gawo lake, alovi n'kugawana lotsala, kuphatikizapo ya ndiwo yopita nayo kunyumba. Siginala amalandira zoposa anzake ndipo palibe amene amadandaula. Eni maboti amalandana siginala wabwino, kumupatsiratu ndalama nyengo isanayambe, ena mpaka kumusamalira banja mwera ukamaomba mu June ndi July, maboti ali pamtunda. Wokoka ukonde akanyanyala, mwini boti sagona ndi nkhawa: padoko pali anyamata ambiri ofuna malowo. Siginala akanyanyala, mwini boti amamutsatira kunyumba, chipewa chili m'manja.

Choncho anthu a kuno amadziwa kulipira luso losaoneka ndi maso, bola zotsatira zake zithiridwe m'chigoba. Mpira ulibe chigoba cha nambala faifi. Chimene chimawerengedwa ndi zigoli basi, ndipo wailesi ikamaulutsa zotsatira imatchula omwetsa.

Izi sizithera pa bonanza. Pa 25 January 2022 ku Yaoundé, Flames inakumana ndi Morocco mu ndime ya matimu 16 ya chikho cha Africa. Funsani mwana aliyense m'nyumba zoonetsera mpira za pa Chintheche, akuuzani za chigoli cha Gabadinho Mhango, mmene anauonera goloboyi atatuluka n'kuuponya kuchokera kutali. N'chigoli choyenera kukumbukiridwa. Koma Morocco inawina 2-1 yokha, ndipo kuti zigoli zisachuluke anali Charles Thom, amene anagwira ndi kuphula mipira usiku wonsewo. Pa awiriwa, amene dzina lake linazungulira dziko lonse lapansi mukumudziwa. Ngakhale atsikana athu amene afika patali, Tabitha ndi Temwa Chawinga, anatuluka ndi zigoli. Temwa anamwetsa 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current. Chigoli chimayenda chokha pa foni kukafika kwa ogula osewera. Kuima pamalo oyenera sikujambulika.

Mnyamata wa ku Makuzi akalota za Super League, amalota za malipiro a pamwezi, gemu bonasi ndi ndalama yosainira. Koma ligiyi ili ndi mabwana a mitundu yosiyana, ndipo mtengo wa munthu umadalira kwambiri khomo limene walowera kuposa miyendo yake. FCB Nyasa Big Bullets ndi Mighty Wanderers ali ndi makampani ndi anthu a ndalama kumbuyo kwawo. Silver Strikers ndi ya Reserve Bank of Malawi. Moyale Barracks ya ku Mzuzu, Kamuzu Barracks ndi MAFCO ndi za asilikali, Blue Eagles ndi ya apolisi, ndipo kumeneko wosewera amene walembedwa ntchito ya boma amalandira monga msilikali kapena wapolisi, asewere asasewere. Makolo ambiri amakonda njira imeneyi, ndipo sindiwadzudzula: bondo likathyoka, yunifolomu imatsala. Kenako pali matimu a m'madera, odalira munthu mmodzi wakufuna kwabwino ndi ndalama za pachipata, zimene zimayamba zadulidwa za mwini bwalo, za chitetezo, za SULOM ndi FAM, matimu awiriwo asanagawane. M'matimu oterewa mawu amene osewera amawamva kwambiri ndi akuti "tikonza". Mabonasi amaunjikana, ndipo amene amayamba kupatsidwa kangachepe ndi uja akufunidwa ndi timu ina, kuti asathawe. Nthawi zambiri ameneyo amakhala wakutsogolo.

Ndiye pali kwacha. Mu May 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Wosewera amene anasaina kontilakiti ya zaka zitatu izi zisanachitike anapezeka akuthamanga mofanana, akulandira nambala yomweyo papepala, koma nsapato za mpira, zimene zonse zimachokera kunja, zitakwera mosafikirika. N'chifukwa chake amene angathe amawoloka malire, ena ku South Africa, ena ku Zambia, ena ku Mozambique monga anachitira John Banda amene anakasewera ku UD Songo m'chigawo cha Tete. Kwa Atonga ulendo wotere ndi wakale. Agogo awo ankapita ku migodi ya ku Joni ndi ku Harare kukafuna malipiro oyenera thukuta lawo, ndipo Clements Kadalie, amene mu 1919 anayambitsa ku Cape Town bungwe la ICU lomenyera malipiro a anthu akuda, anabadwira ku Chifira, pafupi ndi Bandawe, mtunda woyenda pansi kuchokera ku Makuzi. Dera limene linabala munthu wotero lili ndi anyamata amene amachita manyazi kufunsa kuti alandira zingati asanavale jezi.

Manyaziwo ali ndi chifukwa. Mnyamata akalimba mtima n'kupita kwa mwini timu, amayamba ndi kupepesa. "Ada, pepani, sopo yekha." Yankho amalidziwa kale: "Ngati watopa unene, anyamata alipo ambiri." Apa ndi pamene mtima wanga suli m'malo ndi nzeru za ku America zija. Funso lakuti alowe ndani m'malo mwake kumeneko limakweza malipiro a katswiri, chifukwa kuli ziwerengero zosonyeza kuti wolowa m'maloyo sangafike pamene iye wafika, komanso kuli bungwe la osewera lamphamvu limene linamenyera malipiro otsikitsitsa amene timu singapitirire pansi. Kuno funso lomwelo ndi chikwapu. Wolowa m'malo alipo, ndi waulere, ndipo waima kale panja pa bwalo nsapato zobwereka zili m'manja. Zoti timu idzayamba kumwa zigoli ziwiri gemu iliyonse zidzaoneka patapita miyezi, ndipo pamenepo mlandu udzagwera goloboyi, kapena oyimbira, kapena mankhwala a timu inayo.

Aphunzitsi ena ayamba kuyesa. Amapatsa mwana wa sukulu kope ndi cholembera kuti akhale pambali pa bwalo, azichonga mpira uliwonse umene nambala faifi walanda, wadumphira ndi mutu, kapena wapereka kwa mnzake osataya. Si Statcast, ndipo kusuntha kwakachetechete kuja sikulowa m'kopemo, komabe pakutha pa gemu pamakhala kanthu kosonyeza mwini timu. Vuto ndi lakuti kope lomwelo likafika m'manja mwa timu ya ku Mzuzu, mnyamatayo amapita, mudzi osalandira kalikonse chifukwa panalibe pepala losainirana.

Pakadali pano a kochi amayang'ana mwezi asanalembe mayina a osewera. Mwezi ukakhala wowala usipa subwera ku nyali, maboti ambiri sapita, ndipo timu imakhala yokwana, anyamata atagona mokwanira. Mdima ukabwerera, nambala faifi amasankha pakati pa gemu ya Loweruka imene mwina ibweretsa "tikonza" ndi ulendo wa panyanja umene ubweretsa gawo lake m'mawa, ndiwo ili pamwamba. Akapanda kuoneka pabwalo, masapota amati ndi wamwano, ndipo a kochi amabweza nambala sikisi kumbuyo kuti akatseke.