BONDO LA MWAI LIDACHIRA CHIFUKWA PADALI OLIDIKIRA

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi makolo, aphunzitsi, abusa ndi ansembe a kuno ku Mulanje pa nkhani imene ambiri amaiyesa ya chibwana, chonsecho ikupundula ana athu. Ndikunena za osewera amene amavulala pabwalo, ndiponso za chizolowezi chathu chosintha aphunzitsi a matimu ngati malaya. Wina anena kuti izi ndi nkhani ziwiri zosiyana. Koma tiyeni tione mbiri ya Mwai Kumwenda, kenaka muweruze nokha.

Mwai ndi mwana wa ku Mzimba, wobadwa m'chaka cha 1989. Mpira wa ntchemberembaye adauyamba monga momwe amauyambira ana athu ku Chisitu, ku Nkando kapena ku Muloza: wopanda nsapato, mpira wake chikulunga cha mapepala a pulasitiki. Adasewerako Escom Sisters ku Blantyre, kenaka adawoloka nyanja kupita ku Australia. Mu 2014 adalowa timu ya Tactix ya ku New Zealand, ndipo mu 2017 adabwerera ku Australia kukasewera Melbourne Vixens. Pa mpikisano wa dziko lonse wa ku Sydney mu 2015, Malawi idathera pa nambala 6, komabe amene adasankhidwa kuti ndiye katswiri woposa onse adali Mwai. Mu April 2018, pa masewera a Commonwealth ku Gold Coast, iye ndi anzake a Queens adagonjetsa New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53. Amene adamva pawailesi tsiku limenelo sadaiwale.

Patangopita miyezi itatu, mu July 2018, Mwai adagwa pabwalo akusewerera Vixens, bondo litamupweteka. Apa ndifotokoze pang'ono, chifukwa vuto lomweli limagwera ana athu koma ife sitilidziwa dzina. M'kati mwa bondo muli mitsempha yolimba ngati zingwe imene imagwira fupa la ntchafu ndi fupa la kumunsi kuti asaphonyane. Umodzi mwa mitsemphayi madokotala amautcha ACL. Lamulo la ntchemberembaye limati wolandira mpira asayende nawo, aime pomwepo. Tsono mtsikana amadumpha ali pa liwiro, n'kutera ndi mwendo umodzi, phazi n'kukakamira pansi pamene thupi likutembenuka. Chingwe chija chimaduka. Kawirikawiri wovulalayo amamva kuti "thu!" m'bondomo, ndipo pakangopita maola ochepa latupa. Akatswiri a zamankhwala adapeza kalekale kuti vutoli limagwera kwambiri asungwana kuposa anyamata. Mtsemphawu ukadukiratu, kawirikawiri wosewera amafunika opaleshoni, kenaka miyezi 9 mpaka 12 yolimbitsa mwendo pang'onopang'ono asadabwerere pabwalo.

Mwai adakhala pafupifupi chaka chathunthu osasewera. Mpikisano wa dziko lonse wa ku Liverpool mu 2019 udamudutsa. Koma a Vixens sadamutaye ayi. Adamusungira malo, adamupatsa madokotala ndi anthu omuphunzitsa kuyenda, kuthamanga ndi kudumpha mwatsopano, ndipo mphunzitsi wa timuyo, mayi Simone McKinnis, adadikira. Mayi ameneyu adaphunzitsa Vixens kuyambira 2013 mpaka 2025. Ndiye kuti amene adaona Mwai ali wamphamvu ndi yemweyo amene adamuona akugwa, ndi yemweyonso amene adadziwa tsiku loyenera kumubwezera pabwalo. Mu October 2020, pa masewera otsiriza olimbirana chikho, Vixens idagonjetsa West Coast Fever ndi zigoli 66 kwa 64. Mwai adaponya ka 50 n'kumwetsa 47, ndipo adamusankha kukhala wosewera bwino koposa tsiku limenelo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, adatero akuluakulu.

Nanga kuno kwathu? Taonani mndandanda wa amene adatsogolera Queens m'zaka zomwezo. Ku Glasgow mu 2014 kudali mayi Mary Waya. Ku Sydney mu 2015 kudali mayi Peace Chawinga-Kaluwa. Mu 2016, pamene tidatenga nambala 3 pa mpikisano wa Fast5, adali malemu Griffin Saenda. Ku Gold Coast mu 2018 adali a Whyte Mulilima. Ku Birmingham mu 2022 mayi Chawinga-Kaluwa adalinso pampando, koma ku Cape Town chaka chotsatira kudapita a Sam Kanyenda. Onsewa ndi anthu odziwa ntchito yawo, ndipo kusintha kwina kudadza chifukwa cha matenda, zimene palibe angamuimbe nazo mlandu. Komabe munda wosintha mlimi chaka ndi chaka sudziwika kuti umalola mbewu yanji. Mu 2007 tidali nambala 5 pa dziko lonse. Mu 2011, 2015 ndi 2019 tidali nambala 6. Mu 2023 tidatsikira pa nambala 7, Uganda n'kutenga nambala 5 imene idali yathu.

Kuti musayese kuti nthendayi ndi ya Amalawi okha, ndikupatseni zitsanzo ziwiri za masewera a tenisi, aja ambiri a ife tidangowaonera pampanda ku makalabu a m'minda ya tiyi. M'masewera amenewa wosewera amalemba yekha mphunzitsi wake ndi kumuchotsa yekha, kotero zotsatira za kusinthasintha zimaonekera poyera.

Emma Raducanu wa ku Britain adadabwitsa dziko mu 2021 pamene adapata chikho cha US Open ali ndi zaka 18 zokha. Pasadathe mwezi adasiyana ndi Andrew Richardson, mphunzitsi amene adamufikitsa pamenepo. Kuchokera mu 2021 kufika mu 2023 adadutsa m'manja mwa aphunzitsi asanu. Mu May 2023 adamuchita opaleshoni manja onse awiri ndi kakolo, ndipo pofika kumapeto kwa 2025 adali asadapatenso chikho china. Kuvulala kuli ndi zifukwa zambiri, zoona. Koma mphunzitsi watsopano aliyense amabwera ndi kagwiridwe kake ndi mulingo wake wa zolimbitsa thupi, ndipo thupi la mwana limene likadakhwima ndi limene limalipira.

Wachiwiri ndi Novak Djokovic wa ku Serbia, amene adapata zikho zikuluzikulu 24. Kuyambira 2006 adali ndi mphunzitsi mmodzi wokhazikika, Marian Vajda, ngakhale ena otchuka ngati Boris Becker ankabwera kudzathandiza. Zinthu zitayamba kuvuta mu 2017 adachotsa Vajda n'kutenga Andre Agassi. Chigongono chidamukanika, adasiyira panjira mpikisano wa Wimbledon, adakhala pansi chaka chonse chotsalacho, ndipo kumayambiriro kwa 2018 adamuchita opaleshoni. Atabwerera ankagonja kwa anthu amene kale sakadamuyandikira n'komwe. Mu April 2018 adadzichepetsa n'kuitananso Vajda. Mu July, mwezi womwe uja Mwai adavulala, Djokovic adapata Wimbledon, ndipo mu September adapatanso US Open. Adachita kubwerera kwa munthu wodziwa thupi lake kuyambira ali mnyamata.

Tsono tibwerere kumudzi. Ife a ku Mulanje sitisowa ana a luso. Chaka ndi chaka anyamata ndi asungwana amanyamuka pa Likhubula kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya ndi kutsikiranso pa Likhubula, mtunda woposa makilomita 20, pa mpikisano uja wa Porters Race umene udayamba ndi onyamulira alendo katundu m'phiri. Tereza Master, amene dzina lake lidamveka pa mpikisanowu, adakaimira dziko lino pa mpikisano wa mtunda wautali wa Olympics ku Rio de Janeiro mu 2016. Aliyense amene adatsikapo phiri ili atasenza mtolo wa nkhuni adziwa kuti pokwera chimapweteka ndi chifuwa, koma potsika ndi mawondo. Tsiku la mpikisano timawomba m'manja, alendo olemekezeka amapereka mphoto, magalimoto amabwerera ku Blantyre. Amene watsika akutsimphina amapita kwawo yekha.

N'chimodzimodzi pa mabwalo a sukulu ndi a mipingo. Mabwalo ambiri ndi a dothi lolimba la makandemakande, ena ndi a simenti yong'aluka. Mtsikana akagwa timamukokera kunja, wina amamukoka mwendo kuti "ubwerere m'malo", kunyumba amayi ake amamuthowa ndi madzi otentha, agogo amamutema mphini. Pakapita masabata awiri kutupa kwaphwa, akuyenda bwinobwino, ndipo poti ndiye womwetsa zigoli pa timu yonse, timamubwezera pabwalo tsiku la chikho cha a phungu. (Zikho zimenezi zimachuluka chisankho chikayandikira, koma sindidamvepo chimodzi chokhala ndi thumba la ovulala.) Bondo loduka chingwe limanyenga: poyenda molunjika silivuta, koma pokhota limagwedera, ndipo nthawi iliyonse likagwedera limawononga chichereŵechereŵe cha m'kati. Mwana amene wavulala ali ndi zaka 16 akhoza kufika zaka 35 ali ndi bondo la nkhalamba. Ku Melbourne munthu wotere apeza ntchito ya muofesi. Kuno kwathu ntchito ndi kuthyola tiyi pamtsetse dengu lili kumsana, kupalasa kabaza, kulima ndi kusenza madzi. Zonsezi ndi za bondo.

Abusa ndi ansembe, sukulu zambiri m'boma lino ndi za mipingo yanu, ndipo mabwalo ambiri ali pa malo anu. Mawu anu amamveka kumene mawu a mphunzitsi wa masewera safika. Uzani makolo kuti bondo limene lalira ndi kutupa tsiku lomwelo si la kuthowa ndi madzi otentha. Masiku oyamba lifunika kupuma, kuliziziritsa ndi kulikweza m'mwamba, kenaka mwanayo apite ku chipatala cha boma pa Mulanje kapena ku Mulanje Mission akamuone odziwa za mafupa. Dziwaninso kuti X-ray imaonetsa mafupa, mitsempha siioneka. Choncho mawu akuti "fupa silidathyoke" satanthauza kuti mwana abwerere pabwalo mawa. Ngati bondo likugwederabe, pemphani kalata yopitira ku Queen Elizabeth, ndipo kumbukirani kuti ku Blantyre komweko kuli chipatala cha Beit Cure chimene chidatsegulidwa mu 2002 kuti chizithandiza ana a mavuto a mafupa.

Ndipo mukapeza mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo amene amakonda kukhala ndi ana pabwalo madzulo, musamuchotse chifukwa timu yagonja kawiri. Ameneyo ndiye adziwa kuti uyu amatera mawondo atapindikira m'kati, uyu adavulalapo chaka chatha, uyu lero wabwera osadya. Ku Australia bungwe la ntchemberembaye lidakonza ndondomeko yotenthetsera thupi ndi kuphunzitsa asungwana katereredwe koyenera asadayambe kusewera. Siifuna makina kapena ndalama, koma mphindi zochepa tsiku lililonse ndi munthu mmodzi wosatopa kubwereza zomwezomwezo kwa zaka zingapo. Munthu wongobwera dzulo sangazichite.

Za tsogolo la Mwai, zaka sizinama. Mu 2024 adapuma kuti akhale mayi, ndipo mu 2025 adapita ku West Coast Fever, timu yomwe ija adailiza mu 2020. Wosewera amene wadutsa zaka 35 masiku ake pabwalo ndi owerengeka. Ine pempho langa kwa akuluakulu a bungwe la ntchemberembaye ndi lakuti akadzavula yunifolomu asadzamulandire ndi maluwa okha pa Chileka. Ndi Amalawi ochepa amene adaona ndi maso momwe bondo loduka limasamalidwira kuyambira tsiku logwa mpaka tsiku la chikho. Adzamupatse ntchito yophunzitsa aphunzitsi a m'maboma, pa mgwirizano wa zaka zingapo osati wa mpikisano umodzi, ndipo ulendo wake wina udzafike kuno pa Mulanje Park.

Wokonda Masewera,
Chitakale, Mulanje.