Duwa la M'chitini ndi Abale Ake

Anzanga owerenga, ndani mwa inu amene sanaonepo duwa lija la masamba ofiira pakati ndi obiriwira m'mphepete, limene amayi athu amabzala m'zitini zakale ndi m'miphika yosweka pakhonde? Pano pa sukulu lilipo lambiri kuseri kwa labotale, ngakhale ambiri a ife timalithirira pa nthawi ya chibalo yokha. Inetu ndafuna kulemba za duwa limeneli pakuti chaka chatha linandiphunzitsa zambiri, ndiponso pang'onong'ono ndikadapweteka nalo munthu amene anandilera.

Dzina lake m'mabuku ndi Coleus scutellarioides. Si lobadwira kuno ayi. Kwawo ndi ku Indonesia, ku Philippines ndi maiko oyandikana nawo, kufikira kumpoto kwa Australia. Katswiri wina wa zomera, Karl Ludwig Blume, amene anayang'anira munda wa zomera wa ku Bogor pa chisumbu cha Java m'zaka za m'ma 1820, analemba za duwali, ndipo n'chifukwa chake mabuku akale amalitcha Coleus blumei. Azungu analikonda napita nalo kwawo, ndipo lero likupezeka m'minda ya maluwa pafupifupi pa dziko lonse.

Tsono mukadzapatsidwanso chibalo, chitani ichi: gwirani tsinde lake ndi kulizunguza pakati pa zala. Mudzamva kuti si lobulungira monga la chimanga, koma lili ndi ngodya zinayi. Masamba amatuluka awiriawiri moyang'anana, ndipo awiri apamwamba amapingasa awiri apansi pawo, kotero kuti onse amalandirako dzuwa. Maluwa ake enieni, amene anthu sawasamala, ndi tating'ono tobiriwira ngati thambo, tondandalikana pa kamtengo ka kunsonga. Kaduwa kalikonse kali ndi milomo iwiri. Njuchi imatera pa mlomo wapansi ndipo pofunafuna timadzi totsekemera imadzipaka mungu. Duwa likafota mumatsala tinjere tinayi. Zizindikiro zimenezi ndizo za banja lalikulu lotchedwa Lamiaceae, la mitundu yoposa 7,000, m'mene mulinso minti ndi rosemary.

Aphunzitsi athu atatiuza zimenezi anatituma kutchire kukafuna abale a duwali, ndipo tinabwera ndi mpungabwi, uja timaika m'nyumba pothamangitsa udzudzu. Tsinde lake, ngodya zinayi! Koma chimene chinandidabwitsa koposa ndi buye, amene timagula ku Dedza ndi ku Ntcheu ndi kumatafuna wosaphika. Buye ndi Coleus esculentus, mbale weniweni wa duwa la m'chitini. Kwa zaka zambiri akatswiri ankaika zomera ziwirizi mu mtundu wa Plectranthus, koma mu 2019 anazibwezera ku Coleus. Chotero musadabwe mukapeza maina awiri m'mabuku.

Nanga mitundu ya pa masamba imachokera kuti? Kubiriwira ndi kwa chlorophyll, amene tsamba limapangira chakudya. Kufiira ndi kwa utoto wina wotchedwa anthocyanin, ndipo pamene tsamba layera kapena lachita chikasu ndi pamene chlorophyll wachepa. Kubzala kwake n'kosavuta: thyolani nthambi, iikeni m'botolo la madzi, ndipo isanathe milungu iwiri mudzaona mizu. Mukamatsina nsonga limachita nthambi zambiri. Chisanu chokha ndicho sililimba nacho.

Tsopano ndifike pa za mankhwala, pakuti apa ndipo ndinaphunthwa. Ku Philippines, kumene amalitcha mayana, anthu akhala akusinja masamba ake ndi kuika pa malo otupa kapena pamutu powawa. M'masambamo muli mankhwala otchedwa rosmarinic acid, amene akatswiri a ku Italy anayamba kuwapeza mu rosemary mu 1958, ndipo poyesedwa mu labotale amaonetsa mphamvu yochepetsa kutupa. Koma mankhwala otchuka a banjali ali mwa mbale wina, Coleus barbatus, amene amamera ku India, ku Arabia ndi kum'mawa kwa Afrika. M'zaka za m'ma 1970 akatswiri a ku India anatulutsa m'mizu yake mankhwala amene anawatcha forskolin, pokumbukira Peter Forsskål, wophunzira wa Linnaeus, amene anafa ndi malungo ku Yemen mu 1763 ali pa ulendo wofufuza zomera. Mu 1981 akatswiri a ku America, Seamon ndi Daly, anaonetsa m'mene forskolin amagwirira ntchito: amadzutsa kanthu kena m'kati mwa selo kotchedwa adenylate cyclase, ndipo kanthuko kakadzuka mtima umapopa mwamphamvu ndipo mitsempha ya magazi imamasuka. Ku Japan anakonza kuchokera ku forskolin mankhwala obaya odwala mtima m'chipatala, otchedwa colforsin daropate. Alipo amalonda amene amagulitsa forskolin m'mapiritsi ponena kuti amachepetsa thupi, koma umboni wa zimenezo ndi wofooka ndithu.

Ine m'kalasi ndinangomva mawu atatu: Coleus, mtima, magazi. Pa tchuthi ndinafika kumudzi ndili wodzitama ndi nzeru zanga zatsopano, ndipo nditaona duwalo pakhonde pa azakhali anga, amene amadwala kuthamanga kwa magazi, ndinati, "Azakhali, kodi mukudziwa kuti mankhwala a matenda anuwo muli nawo m'chitinimu?" Iwo anandiyang'ana nati, "Mwanawe, zimenezi waphunzira kusukulu?" Ndinavomera. Pakuti chipatala chili kutali ndipo ulendo wa kabaza umadya ndalama, azakhali anaona kuti mwana wa sukulu wawapulumutsa. Nditabwerera kuno anayamba kuwiritsa masambawo ndi kumamwa m'mawa ndi madzulo, ndipo mapiritsi atatha sanapitenso kukatenga ena.

Patapita mwezi ndi theka kunabwera uthenga woti agonekedwa. Mutu unkawaphwanya, maso akuchita chidima, ndipo poyeza anapeza magazi akuthamanga koopsa. Anachira, koma sabata imeneyo chakudya sichinanditsike. Ndinapita kwa aphunzitsi kukaulula, ndipo iwo sanandikalipire. Anandifunsa mafunso atatu: Coleus wake uti? Chiwalo chake chiti, muzu kapena tsamba? Muyeso wake wotani? Ndinalephera onse atatu. Forskolin amachokera m'mizu ya mbale uja wa ku India, osati m'masamba a duwa lokongoletsera khonde, ndipo ngakhale mankhwala a ku Japan aja dokotala amawapereka moyeza, wodwala ali pa bedi akuyang'aniridwa. Anandiuzanso kuti anthu ena amachita zidzolo pongogwira masamba a duwali, chinthu chimene ine sindinachiganizeko potuma munthu wamkulu kukamwa madzi ake.

Pa tchuthi chotsatira ndinapita kukapepesa nditanyamula kope langa, ndipo ndinawaonetsa azakhali zithunzi za zomera ziwirizo zimene ndinajambula moyandikana. Iwo anaseka nati mwina n'kwabwino kuti sindinawauze za mpungabwi, chifukwa akadaumwanso. Mapiritsi awo tsopano ndimakawatengera ndine ndikakhala kumudzi. Duwalo likadali pakhonde, ndipo nthambi imene anandithyolera ndiyo ili m'botolo pa windo la Fomu 3. Amene afuna kuona ngodya zinayi zija abwere adzagwire, koma asathyole nsonga pakuti ndikudikira maluwa kuti ndiwerenge njere.