Nkhonya Zofatsa za ku China ndi Kumene Mphamvu Yake Imachokera

Aliyense amene anakhalapo m'tinyumba ta kanema ta m'misika yathu, m'mene anyamata amapanikizana pamabenchi poonerera ankhonya a ku Hong Kong akudumpha, akufuula ndi kuswa matabwa ndi manja, akhoza kuyesa kuti luso lonse lomenyana la anthu a ku China ndi liwiro ndi ukali basi. Koma munthu yemweyo atati alawire m'mamawa mumzinda wa Beijing kapena Shanghai, nakalowa m'mabwalo opumulirako anthu, akadapeza nkhalamba za imvi, amuna ndi akazi omwe, zitaima m'mizere, zikukweza manja ndi kusuntha mapazi pang'onopang'ono, popanda mfuu kapena kudumpha. Zimenezo ndi nkhonya ndithu, ngakhale sizioneka choncho. Dzina lake ndi Taijiquan, kapena Tai Chi monga amatchulira ambiri, ndipo pamodzi ndi zinzake ziwiri, Xingyiquan ndi Baguazhang, zimawerengedwa m'banja la nkhonya zam'kati, zimene eni ake amati mphamvu yake siioneka pa kukula kwa mkono.

Pali nthano yakuti luso limeneli analiyamba ndi munthu wina wopatulika, Zhang Sanfeng, wa kumapiri a Wudang, ataona njoka ndi mbalame zikulimbana. Nthanoyi ndi yokoma, koma ofufuza mbiri amaloza kwina, kumudzi wa Chenjiagou m'chigawo cha Henan, kumene Chen Wangting, msilikali wa ufumu wa Ming umene unagwa m'chaka cha 1644, anabwerera kwawo nayamba kuphunzitsa abale ake. Kwa mibadwo ingapo luso linali chuma cha fuko la a Chen okha, kufikira pamene mlendo wochokera ku Yongnian, Yang Luchan, amene anabadwa mu 1799, analoledwa kuphunzira pamapazi a Chen Changxing. Iyeyu ndiye anapita nalo ku Beijing, natchuka kotero kuti anthu anamutcha Yang wosagonjetseka. Ndipo mdzukulu wake Yang Chengfu, amene anamwalira mu 1936, ndiye anafalitsa kachitidwe kotakasuka ndi kodekha kamene dziko lonse likudziwa lero.

Tsono funso limene munthu wanzeru ayenera kufunsa ndi ili: kodi thupi loyenda mofatsa chotere, lopanda kukunga minofu, lingagwetse bwanji munthu wamphamvu? Aphunzitsi amayankha posiyanitsa mphamvu za mitundu iwiri. Yoyamba amaitcha li, ndiyo mphamvu ya chiwalo chimodzi pachokha, monga ya munthu amene amakankha chitseko ndi mkono wokha, phewa litakwera, mano atalumana. Yachiwiri amaitcha jin, ndiyo mphamvu yophunzitsidwa, imene imayambira pamene phazi laponda nthaka, nikwera m'miyendo, niwongoleredwa ndi chiuno, nidutsa mumsana kufikira itatulukira m'dzanja, ziwalo zonse zitagwirizana pa nthawi imodzi. Amayi athu amene anazolowera kukonola chimanga akudziwa zimenezi ngakhale sanamvepo za China: mtsikana wophunzira kumene amanyamula musi ndi mapewa, natopa gaga asanayambe kutuluka, pamene mayi wake amapinda maondo pang'ono, chiuno chikutsika ndi kukwera, manja akungouwongolera musi kuti ugwe ndi kulemera kwake ndi kwa thupi lonse, ndipo amatha mtondo wachiwiri akuimba. Paja akulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Palibe chobisika pamenepa chimene sayansi ingachikane. Isaac Newton analongosola kale mu 1687 kuti chinthu chikakankha chinzake, chinzakecho chimabwezera ndi mphamvu yofanana. Motero phazi likakankha nthaka, nthaka imabweza mphamvuyo m'thupi, ndipo minofu imene imagwira ntchitoyi, ya m'ntchafu ndi m'matako, ndiyo ikuluikulu koposa yonse imene Mlengi anatipatsa. Vuto lili panjira. Pamfundo iliyonse ya mafupa pali minofu yopinda ndi minofu yowongola, ndipo munthu akachita mantha kapena ukali amaikunga yonse pamodzi, niyamba kulimbana yokhayokha, kotero kuti mphamvu imene inanyamuka bwino kumapazi imathera m'chiuno chouma kapena m'phewa lokwera isanafike kumene inatumidwa. N'chifukwa chake lamulo loyamba, limene wophunzira amalimva tsiku ndi tsiku kufikira makutu atatopa, ndi lakuti amasule thupi. Kumasuka kumeneku, kumene amakutcha song, sikulefuka kwa munthu wodwala. Mafupa amakhala ataima m'malo mwake, mutu uli chilili monga ngati wapachikidwa ndi chingwe paliwombo, koma minofu yonse yosafunika pa ntchitoyo italeka kugwira.

Njira yophunzirira zimenezi ndi yowawa kuposa mmene imaonekera. Wophunzira amauzidwa kuti angoima, mapazi atatalikirana molingana ndi mapewa, maondo atapinda pang'ono osapitirira zala zakumapazi, manja ali patsogolo pa chifuwa monga wokumbatira thunthu la mtengo, zigongono zikulendewera, lilime litakhudza kumwamba kwa m'kamwa. Kaimidwe kameneka ndi zhan zhuang. Mphindi zoyamba munthu amadabwa kuti kodi phunziro lili pati. Posakhalitsa ntchafu zimayamba kunjenjemera, mapewa amaotcha, thukuta limatsika mumsana, ndipo mtima umayamba kupempha kuti zithe. Pamenepo mphunzitsi amafika mwakachetechete, naika zala ziwiri paphewa limene lakwera mwini wake osadziwa, nakankha chiuno pang'ono kuti kumunsi kwa msana kutsike, ndipo mwadzidzidzi kulemera kumene kunali m'mapewa kumagwera kumapazi. Ululu uja unali kuloza malo amene munthuyo wakhala akugwira mwamphamvu moyo wake wonse popanda chifukwa. Ine ndimaona kuti phunziro limeneli ndilo mtima wa luso lonse, ndipo amene amalidumpha pothamangira kuloweza mayendedwe okongola amakhala atatola makoko n'kusiya mbewu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Munthu akadziwa kuima, amaphunzira kutembenuka, ndipo apa mfundo yofunika ndi pamene fupa la ntchafu lalowa m'chiuno, malo amene aphunzitsi amawatcha kua. Ambiri a ife tikafuna kutembenuka timapotola msana kapena bondo, chonsecho bondo linalengedwa kuti lizipinda ndi kuwongoka, osati kupotoka. Ndipo ophunzira ambiri amene amadandaula maondo amakhala atalakwitsa pomwepa. Wodziwa amapinda mfundo ya m'chiunoyo mbali imodzi naitsegula mbali inayo, thunthu lonse la thupi nkutembenuka pamodzi, bondo likuyang'anabe kumene zala zakuphazi zaloza. A fuko la Chen amawonjezera kuti mphamvu iyende mozungulira, mkono ukupotoka pang'onopang'ono kuyambira kuphewa kufikira kuchala, ndipo amafanizira ndi munthu wosolola ulusi wa silika m'chikwa, amene akakoka mwaphuma ulusi umaduka, akaleka umakodana. Palinso lamulo lakuti miyendo isalemedwe mofanana pa nthawi imodzi poyenda: wina ukhale wodzaza, wina wopanda katundu, kuti wopanda katunduwo ukhoze kusuntha nthawi iliyonse. Pamenepa ndi pamene chiphunzitso chakale cha yin ndi yang, cha zinthu ziwiri zosiyana koma zodalirana, chimatsika m'mabuku ndi kulowa m'miyendo.

Nanga qi, amene amatchulidwa kwambiri? Anthu a ku China akhala akukhulupirira kuyambira kale kuti m'thupi mumayenda mphamvu ya moyo, ndi kuti nkhokwe yake ndi malo otchedwa dantian, m'kati mwa mimba, zala zitatu kunsi kwa mchombo. Ndipo wophunzira amalangizidwa kutsitsira qi kumeneko. Madokotala ong'amba thupi sanapeze chiwalo chotero, kapena mitsempha yoyendamo qi. Koma zimene munthu amachita pomvera langizolo ndi zenizeni: amaleka kupumira pamwamba pa chifuwa, nalola mnofu waukulu wolekanitsa chifuwa ndi mimba kutsika, mimba nifufuma pokoka mpweya; mtima umadekha, mapewa amagwa, ndipo maganizo amakhazikika pamalo amene ali pafupi ndi pakati penipeni pa kulemera kwa thupi la munthu woimirira. Sindiona chifukwa chonyozera akale amenewa, amene popanda makina oonera m'kati mwa thupi anapenyetsetsa zimene ankamva, nazipatsa mayina. Koma sindionanso chifukwa chowonjezera pa zimene iwo anapeza ndi kusandutsa qi kukhala mankhwala kapena matsenga.

Zonsezi zimayesedwa pa masewera a anthu awiri otchedwa tui shou. Awiriwo amaima moyang'anizana, mikono itakhudzana pamfundo ya dzanja, nayamba kukankhana mozungulira osalekana. Wina akakankha, mnzake sabweza ndipo sathawa. Amatsika pang'ono m'chiuno natembenuka, kotero kuti mphamvu ija imadutsa pambali osapeza pogunda, ndipo wokankhayo, poona kuti zidendene zake zayamba kunyamuka, amadzikoka m'mbuyo mwamsanga. Nthawi imeneyo ndiyo imene mnzake amaidikira, pakuti amangomutsata ndi kumuwonjezera pang'ono kumene akupita kale, ndipo munthu wamkulu thupi amadzandira masitepe angapo. Woonerera amati wagwetsedwa ndi chala, koma wadzigwetsa yekha. Luso lake ndi kumva ndi khungu kumene kulemera kwa mnzako kukupita iye asanadziwe, ndipo mkono wokungika sungamve kanthu.

Pano ndiyenera kunena mosabisa, pakuti luso lililonse lolemekezeka limakhala ndi onyenga ake. Alipo amene amadzitcha akatswiri, naonetsa pa intaneti ophunzira awo akugwa chagada osakhudzidwa n'komwe, akuti ndi mphamvu ya qi. Mu April 2017, mumzinda wa Chengdu, wankhonya zamakono Xu Xiaodong anakumana ndi Wei Lei, amene ankadzitcha katswiri wa Tai Chi, namugwetsa pansi theka la mphindi lisanathe, ndipo nkhaniyi inautsa mkangano waukulu m'dziko lonselo. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Kuyenda mofatsa wekha, ngakhale kwa zaka makumi awiri, sikukonzekeretsa munthu kulandira chibakera cha pamphuno. Akale aja amene anatchuka pomenyana ankachitanso masewera olemetsa, a mikondo ndi malupanga, ndi kulimbana ndi anthu osawamvera chisoni.

Phindu limene latsimikizika lili kwina, ndipo ndi lalikulu kuposa kupambana pa ndewu. Mu 1956 boma la China linakonza kachitidwe kafupi ka mayendedwe 24 kuti anthu wamba aphunzire mosavuta, ndipo mu 2020 bungwe la UNESCO linaika Taijiquan pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Pakati pa zaka zimenezi madokotala anayamba kuyesa. Kafukufuku wa ku Atlanta, m'dziko la America, amene anasindikizidwa mu 1996, anatsata anthu 200 a zaka 70 kapena kuposerapo, napeza kuti amene anaphunzira Tai Chi kwa masabata 15 chiopsezo chawo chomagwa kawirikawiri chinatsika pafupifupi ndi theka. Wina wa ku Oregon, wa mu 2012, pa odwala 195 a nthenda yonjenjemera ya Parkinson, anapeza kuti ochita Tai Chi ankaima molimba kuposa anzawo amene ankachita masewera ena. Chifukwa chake n'chomveka: munthu amene tsiku lililonse amaphunzira kusamutsa kulemera kwake kuchoka mwendo wina kupita wina mosafulumira, maondo atapinda, amakhala akuphunzira chinthu chomwecho chimene ukalamba umalanda.

Ife tonse tikudziwa agogo amene anaterereka pakhomo kapena kubafa, nathyoka fupa la m'chiuno, osadzukanso. Chifukwa chake inu owerenga amene muli ndi makolo okalamba, kapena amene mwayamba kumva miyendo ikukayika potsika chitunda, musadikire mphunzitsi wochokera ku Henan. Imani pafupi ndi khoma kapena mpando wolimba, pindani maondo pang'ono, tsitsani mapewa, ndipo samutsani kulemera kwanu kuchoka phazi lina kupita linzake pang'onopang'ono, mukupuma ndi mimba, kwa mphindi zochepa m'mawa uliwonse. Ndipo ngati muli ndi vuto la mtima, la chizungulire kapena la maondo, yambani mwafunsa kuchipatala.