Mzinga wa pa Mangochi ndi Zimene Umatiphunzitsa

Aliyense amene amafika m'tauni ya Mangochi amaona mzinga wakale umene uli pafupi ndi nsanja ya wotchi, m'mbali mwa mtsinje wa Shire. Ambiri amangoupitirira osafunsa kanthu. Komatu mzinga umenewu unali pa sitima yankhondo yotchedwa Guendolen, ndipo mbiri yake tiyenera kuidziwa bwino, makamaka ife amene tili ndi udindo wophunzitsa ana ndi wotsogolera anthu.

M'masiku a utsamunda, gombe la kuzambwe kwa nyanja yathu linali m'manja mwa Angerezi, pamene chigawo cha kumpoto chakum'mawa, chimene lero ndi Tanzania, chinali cha Ajeremani. Panalibe misewu yabwino yopita kumpoto, choncho nyanja ndiyo inali msewu waukulu wa anthu, makalata ndi katundu. Ajeremani anali ndi sitima yawo, Hermann von Wissmann, imene inayamba kuyenda panyanjapo mu 1893. Angerezi nawo analumikiza zitsulo za Guendolen ku Fort Johnston, dzina lakale la Mangochi, naiponya m'madzi mu 1899.

Britain inalowa nkhondo ndi Germany pa 4 Ogasiti 1914. Mawu atangofika ku Zomba pa waya, boma la Bwanamkubwa George Smith linazindikira kuti amene angalamule nyanja ndiye angalamulenso kumpoto konse. Motero linatuma Kaputeni Edmund Rhoades kuti akasake sitima ya adani. Chapakati pa mwezi womwewo anaipeza padoko la Sphinxhafen, limene tsopano likutchedwa Liuli, itakokeredwa kumtunda kuti ikonzedwe. Guendolen inawomba mzinga niiwononga isanabwerere m'madzi.

Olemba mbiri amasimba kuti Kaputeni Berndt, mwini sitima ya Ajeremaniyo, anali bwenzi la Rhoades, ndipo anapalasa bwato ali wokwiya kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera. Iye anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Anagwidwa pomwepo nakhala mkaidi. Ambiri amawerengera chochitika chimenechi kuti ndicho chipambano choyamba cha Angerezi pamadzi m'nkhondo yonse yoyamba ya dziko lapansi. Mu Meyi 1915 Angerezi anabwereranso padokolo ndi kukaiwononganso sitimayo.

Apa pali phunziro loyamba kwa onse ogwira ntchito m'maofesi. Sitima ya Ajeremani sinagonje chifukwa inali yofooka. Inagonja chifukwa uthenga unafika msanga mbali imodzi ndi kuchedwa mbali inayo. Kalata yogona patebulo masiku atatu ikhoza kutayitsa chinthu chimene anthu anachimanga zaka zambiri.

Nyanja itatseguka, sitima zinanyamula asilikali a King's African Rifles kupita nawo ku Karonga, kumene anabweza Ajeremani pa 9 Sepitembala 1914. Pakadapanda zimene zinachitika ku Sphinxhafen, ulendo wa asilikaliwo ukadakhala woopsa, ndipo Karonga akadakhala pangozi yaikulu.

Nkhondo ya pamadzi sinathere panyanja yathu yokha. Kugombe la nyanja yamchere, sitima yaikulu ya Ajeremani yotchedwa Königsberg inabisala m'matsiriro a mtsinje wa Rufiji, m'kati mwa mitengo yowirira, kumene sitima zikuluzikulu za Angerezi sizikadatha kulowa. Apa m'pamene oyendetsa ndege anaonetsa kufunika kwawo. Mu Julayi 1915 sitima ziwiri zoyenda m'madzi osaya, Severn ndi Mersey, zinawomba mdani amene sizinkamuona ndi maso, oyendetsa ndege ali m'mwamba kuuza owomba mizinga kumene zipolopolo zikugwera. Ndege za nthawi imeneyo zinali za matabwa ndi nsalu, ndipo injini zake zinkavutika ndi kutentha, koma pa 11 Julayi Königsberg inatheratu. Wa m'mwamba ndi wa pamadzi anagwirizana, ndipo chimene chinakanika miyezi yambiri chinatheka. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Koma tisaiwale amene anasenza katundu wolemera wa nkhondoyi. Ajeremani anachotsa mizinga ya Königsberg naigwiritsa ntchito pamtunda, ndipo nkhondo inapitirira mpaka pamene mkulu wawo, von Lettow-Vorbeck, anagonja ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala m'dziko la Zambia, pa 25 Novembala 1918. Zaka zonsezo sitima zinkatsitsa ufa, zipolopolo ndi mankhwala pamadoko, koma kuchoka padoko kupita kumene kunali nkhondo katunduyo ankayenda pamitu ya makolo athu. Imeneyi ndiyo ntchito ya tengatenga. Akatswiri a mbiri amati amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 anagwira ntchito zoterezi, ndipo ambiri anafa ndi njala, kamwazi ndi malungo, manda awo osadziwika. Anthu a m'midzi anaitcha nkhondo ya chiwaya, potengera mfuti yolira mosalekeza ija. Kumwalira kwa anthu akuda pa nkhondo imene sinali yawo ndi china mwa zimene Mbusa John Chilembwe anadandaula nazo asanaukire atsamunda mu Januwale 1915.

Mabuku a kunja amatchula maina a akaputeni ndi a oyendetsa ndege, koma satchula anthu amene ankadula nkhuni za m'ng'anjo ya Guendolen, kapena amene ankasonkhezera moto wake usiku wonse. Ntchito yowakumbukira ndi yathu.

Chifukwa cha ichi tikupempha aphunzitsi kuti pophunzitsa za nkhondo ya 1914 asayambire ku Ulaya kokha. Ayambire pa Mangochi, pa Karonga ndi pa chipilala cha asilikali chimene chili ku Zomba. Amene angathe atengere ana ku nyumba yosungirako zinthu zakale ya ku Mangochi kuti akaone okha. Akuluakulu a m'maboma nawonso aonetsetse kuti malo otere akusamalidwa ndi kulemekezedwa. Mtendere umene tili nawo panyanja yathu, pamene asodzi ndi sitima ya Ilala akuyenda mopanda mantha, tidzausunga bwino ngati ana athu adziwa mtengo umene makolo awo analipira.