"You alright?" sikuti akufunsani matenda

Kuyambila Grade 1 tinaphunzila moni umodzi chabe. Aphunzitsi akalowa, kalasi yonse chilili: "Good morning, teacher!" Akafunsa "How are you?", yankho ni "We are fine, thank you," olo ena sanadye kanthu m'mawa. Ambili takula nawo moni umenewo mpaka lelo. Manje vuto ni yakuti Chizungu sichili na moni umodzi. Chili na wa mu ofesi, wa pa mseu, wa ku London na wa ku Johannesburg, ndipo mukasokoneza, mungaluze nchito mukalibe kukhala na pampando.

Mu ofesi, yambani na ulemu

Tiyambe pamene pali ndalama. Pa interview, ku banki, olo polembela munthu amene simudziwana naye, moni ni "Good morning" mpaka 12 hours, "Good afternoon" mpaka dzuwa litapendeka, kenako "Good evening". Koma chenjelani na "Good night". Uyu si moni, ni wotsazikila. Mukalowa nawo pa kitchen party usiku, ndiye kuti mwalaila mukalibe kufika.

Akakuuzani dzina la munthu, kambani kuti "Pleased to meet you" olo "Nice to meet you". "How do you do?" ni moni wachikale, sumveka kawilikawili masiku ano, ndipo mukakumana nawo si funso lofuna nkhani. Mwamwambo, mubweza mau omwewo.

Ndiye pali matenda a pa WhatsApp. Munthu afuna nchito, apeza namba ya ba HR, alemba "Hi dear", basi ziii, ayembekeza. Imwe, ba HR si chisumbali chanu. Lembani "Good morning" na dzina lawo, dzichuleni kuti ndinu ndani, kambani chamene mufuna, vonse mu meseji imodzi.

Ku UK, funso silifuna yankho lalitali

Manesi na ma carer athu amene ayenda ku UK akumana na ichi tsiku loyamba: "You alright?" olo chabe "Alright?" Kuno kwathu mau aya ufunsa munthu wamene wagwa pa njinga. Kuja ni moni wamba. Sikuti nkhope yanu ioneka yodwala iyayi. Yankhani kuti "Yeah, you?" na kupitiliza ulendo.

Apa ndiye pamene tisiyana kwambili. "Muli bwanji" wathu ali na malo. Ungakambe za mwana wamene ali na malungo, za mvula yochedwa, za mtengo wa unga, ndipo mnzako aimilila kumvela. Mzungu wa mu corridor ya chipatala, pamene imwe muyamba kufotokoza za msana, iye wafika kale ku lift. Si mwano, ni mwamene moni wawo ulili.

Chigawo chilichonse chilinso na vake. Ku Yorkshire mudzamva "Ey up". Ku Newcastle, amai a mu shopu angakuitaneni "pet". Ku Nottingham na ku Stoke ni "duck", ndipo malo ambili ni "love". Azimai, mukamva wogulitsa auza amuna anu kuti "Hiya, love", musavule ma slippers. Auza aliyense, olo nkhalamba ya ndodo. Ku London achinyamata akamba "Wagwan", mau ochokela ku Jamaica otanthauza "what's going on". Asiyileni eni ake, osati kuwatengela kwa ba manager.

Chinanso, ma boss ambili kuja aitanidwa na dzina loyamba. Akakuuzani kuti muziwachula dzina, chitani tero. "Sir, sir" wa mphindi iliyonse aoneka monga mwaika mpanda pakati panu.

Kuwoloka malile

Ma driver a ma truck amene apita ku South Africa, kaya kupitila pa Chirundu na Beitbridge olo pa Kazungula, adziwa "Howzit". Ni "how is it" wofupikitsidwa, ndipo mungabweze "Howzit" yemweyo olo "Sharp". Mnzanu wa ku Nigeria akakamba "How far?", safunsa makilomita, afunsa mwamene vinthu viyendela.

Ku America ni "What's up?" Musayang'ane kumwamba. Yankho ni "Not much". Ku Texas kuli "Howdy", ku Australia "G'day, mate", ku Ireland "What's the craic?", kutanthauza kuti kuli nkhani bwanji. Yonse iyi ni moni ya pa chinzake. Kuimva na kuiyankha ni bwino, koma kuiyamba imwe mlendo, na ka accent kokakamiza ka mu filimu, kumaseketsa chabe.

Mukasowa chokamba, "Hello" sataya munthu. Ali pakati, si wa ulemu kwambili, si wa mwano. Anachuka chifukwa cha foni: mu 1877 Thomas Edison ndiye analimbikitsa kuti anthu aziyankha foni na "Hello", pamene Alexander Graham Bell anali kufuna "Ahoy". Ganizani chabe kuyankha foni ya alandilodi kuti "Ahoy".

Chathu nacho ni Chizungu

Musachite manyazi na "How is home?" olo "How is the family?" Si Chizungu chothyoka. Ni ulemu wa zinenelo zathu wamene tinauveka Chizungu, chifukwa kwathu supatsa moni munthu yekha, upatsa na nyumba yake yonse.

Koma pali malo pamene Chizungu chifunika kutsala pa gate. Mukabwela ku holide na masutikesi, apongozi sapatsidwa "Hi". Gwadani, ombani m'manja, "Muli bwanji, amai?", ndipo dikilani yankho lonse, olo litenge mphindi zisanu.

Lamulo ni limodzi, kaya muli ku Cairo Road olo ku Leeds: yambilani pamwamba, mwini wake ndiye akutsitseni. Palibe wamene anachotsedwa nchito chifukwa cha "Good morning". Koma "Hey" wa pa malo olakwika angakutsekeleni chitseko, ndipo palibe wamene adzakuuzani chifukwa chake.